Dzenje limene ndinakumba ku Calgary

## Ayisi wa pinki

M'foni mwanga muli chithunzi chimene mayi a kunyumba andiuza kangapo konse kuti ndichifufute. Akuti ndikachiyang'ana nkhope imagwa. Ndi chithunzi cha dzenje laling'ono, kukula kwake ngati sutikesi yaikulu ija timanyamula popita kumudzi, lodzaza ndi ayisi wa pinki mpaka pakamwa. M'kati mwa ayisiyo mukuoneka zitsulo ziwiri zogona, chilichonse ndi timiyendo take 8, ngati nsomba zoiwalika pansi pa firiji.

Dzenjelo ndinakumba ndine. Simenti ya pansi pake ndinaponda ndine, n'kuisalaza mpaka kuwala. Tsiku limene ndinamaliza, mu September 2023, ndinalijambula n'kutumizira anzanga pa WhatsApp kuti aone ntchito ya manja a mwana wa ku Dedza. Chithunzi choyambacho ndinafufuta kalekale, koma chachiwirichi chikadalipo.

## Msewu wodzisesa wokha

Ndimagwira ntchito ku Calgary, mzinda wa ku Canada, pa kakampani kakang'ono koika zotenthetsera m'nyumba. Tilipo anthu asanu, ine ndiye womaliza kulowa. Kuno lamulo la mzinda limati sinowo akasiya kugwa, mwini nyumba achotse yense amene ali pa njira ya oyenda pansi ya kutsogolo kwake pasanathe maola 24. Ambiri amalimbana naye ndi fosholo. Ena amalemba aganyu. Koma amene ali ndi kangachepe, kapena amene msana sukulolanso fosholo, amatiitana ife.

Timayala mapaipi apulasitiki otchedwa PEX pa waya, motalikirana pafupifupi masentimita 20, kenako konkireti imathiridwa pamwamba. M'mapaipimo mumayenda madzi ofunda ochokera ku boila, osakaniza ndi mankhwala a glycol. Ife timasakaniza theka ndi theka, ndipo zikatero madziwo sayamba kuundana mpaka kuzizira kufike cha m'ma madigiri 33 pansi pa ziro. Ngakhale pamenepo amangolimba ngati phala, saphulitsa paipi. Pakati pa msewu pamakhala kachipangizo kooneka ngati chivindikiro cha botolo la mayonezi. Kakamva chinyezi ndi kuzizira, kamadzutsa boila ndi pampu, sinowo n'kumasungunuka akungofika.

Ndisanabwere ndinkaganiza kuti ndi masewera a anthu olemera. Koma nzeruyi ndi yakale. Ku Klamath Falls, m'chigawo cha Oregon ku America, anaika mapaipi otere pansi pa msewu mu 1948, pogwiritsa ntchito madzi otentha a pansi pa nthaka. Mzinda wa Holland, m'chigawo cha Michigan ku America komweko, wakhala ukusungunula sinowo wa pakati pa tauni kuyambira 1988 ndi madzi ofunda otsala ku malo opangira magetsi. Ku Reykjavik, likulu la dziko la Iceland, ndiye si nkhani n'komwe.

Tsono paipi imodzi singazungulire msewu wonse. Madzi angafike kumapeto atazizira, pampu itatopa. Ndiye timaduladula, paipi iliyonse osapitirira mamita 90 kapena cha pamenepo, ndipo zonse zimakumana pa chitsulo chimodzi chogawa madzi ndi chinzake chowalandira pobwerera. Chimenechi ndiye manifold. Amene anaonapo sikimu ya mthirira akudziwa malo amene ngalande yaikulu imagawira madzi m'timigula. Ntchito yake ndi yomweyo. Zikatheka manifold timaiika m'galaja. Msewu ukatalika, imayenera kukhala panja, ndipo nkhani yanga inayambira pamenepo.

## Zimene anandiuza ndi zimene ndinachita

Nyumbayo ili kumpoto chakumadzulo kwa mzinda, pa chitunda. Msewu wochokera ku galaja kutsikira ku msewu waukulu ndi wa mamita pafupifupi 30, wotsetsereka ndithu. Eni ake ndi agogo awiri. Abambowo anachita sitiroko, ndipo minibasi yonyamula odwala imabwera kudzawatenga kupita nawo ku mafizo. Ikalephera kukwera chitundacho, ndiye kuti tsiku limenelo sapita. Mapaipi aja sanawaikire kunyada ayi.

Abwana anga anasankha malo pakati pa msewuwo, m'mbali, pafupi ndi kakhoma ka maluwa. Anandipatsa bokosi lapulasitiki lopanda pansi, longa aja amabisamo mavalavu a mapaipi othirira kapinga, n'kunena mwachidule monga mwa chizolowezi chawo: "Kumba mozama, uthire miyala pansi, chivindikiro chikhale pamwamba pa nthaka." Atatero anakwera galimoto kupita ku ntchito ina.

Ine ndinakhala pansi n'kuyamba kuganiza, ndipo apo ndi pamene zinalakwikira.

Mudziwe kuti mwana wa ku Dedza amabwera kuno akudzitama kuti chisanu amachidziwa. Chaka choyamba chimamuphunzitsa kuti cha mu June chija ndi kamphepo chabe. Kuchokera pamenepo amaopa kuzizira kuposa eni dziko. Ine m'mutu mwanga mdani anali mmodzi yekha, chisanu. Ndinayang'ana bokosi lopanda pansi lija n'kuona ngati nyumba yopanda chitseko. Miyala? Mphepo yozizira idzadutsa m'miyalamo. Ndiye ndinaponda simenti n'kuthira pansi. Mabowo olowera mapaipi ndinawatseka ndi thovu lija lofufuma, n'kupakanso silikoni pamwamba. M'mbali ndinamatamo zofunda. Amayi eni nyumba atabwera ndi kapu ya khofi anandipempha mwaulemu kuti bokosilo lisaonekere kwambiri pakati pa maluwa awo, ine n'kutsitsa chivindikiro zala ziwiri kunsi kwa mlomo wa konkireti.

Abwana ndinawatumizira chithunzi chojambula pamwamba, chivindikiro chili chotseka. Anayankha ndi chala chachikulu. Za simenti sindinawauze, ndinkafuna adzazione okha tsiku lina n'kundiyamikira. Safunsa anadya phula.

## Loweruka, 13 January 2024

Amene anali ku Alberta, chigawo chimene muli Calgary, sabata imeneyo akuikumbukira. Kuzizira kunatsika kupitirira madigiri 30 pansi pa ziro n'kukhazikika pomwepo. Foni inalira masana. Amayi aja ankati m'galaja mwawo muli chinthu chimene chikungolira, sichikusiya.

Chinali kathanki ka glycol. Pa ntchito zoterezi sitilumikiza mapaipi ku madzi a mumpopi, chifukwa pakakhala pobooka madzi wamba amalowa mwakachetechete n'kusungunula mankhwala mpaka mapaipi kuundana pansi pa konkireti. M'malo mwake timaika kathanki kokhala ndi kapampu kake, kamene kamawonjezera glycol mphamvu ya m'mapaipi ikatsika. Kathankiko kanali gwa, kouma. Malita pafupifupi 20 anali atapita kwinakwake. Abwana anatseka mavalavu a m'galaja, n'kundiyang'ana. Sanalankhule. Tinatsika chitunda chija.

Chivindikiro chinali chitamatirira. Ndinachikanula ndi chitsulo chozulira misomali, ndikugwada pa katoni, ubweya wa m'mphuno utalimba ngati waya. Chitatseguka ndinaunika ndi tochi ya pamutu, ngakhale kunali kusanade. Ayisi thoo, wa pinki pakati, woyera m'mbali. Pa chitsulo chogawa madzi pamakhala timachubu toonekera m'kati tosonyeza kuchuluka kwa madzi oyenda m'paipi iliyonse. Tiwiri tinali titang'aluka kuchokera pamwamba mpaka pansi. Kavalavu kotulutsira mpweya kanali katapindika khosi. Glycol ankatuluka pang'onopang'ono pa ming'aluyo, n'kumaboola tinjira m'kati mwa ayisi ngati chiswe m'mtengo.

Sipanafunike wina kundifotokozera. Masiku apitawo sinowo akugwa, makina anagwira ntchito yawo bwino lomwe. Sinowo anasungunuka, madzi n'kutsetsereka ndi msewu, ena n'kupatukira m'mbali, kumene anapeza chivindikiro chimene munthu wina wanzeru anachitsitsa zala ziwiri. Analowa. Potulukira panalibe, chifukwa munthu yemweyo anathira simenti ndi kupaka silikoni. Manifold ikadali yofunda, madziwo anangokhala phee ngati m'bafa. Koma makina olamulira ali ndi malire. Kukazizira kwambiri amadzizimitsa okha, chifukwa boila singapambanenso, imangotha gasi. Ife malirewo tinawaika pa madigiri 18 pansi pa ziro. Atazima, chitsulo chinazizira, ndipo madzi a m'dzenje anayamba kuundana kuchokera pamwamba ndi m'mbali. Madzi akaundana amafufuma pafupifupi 9 peresenti. M'bokosi lotseka mbali zonse, kufufumako kunalibe kolowera kwina koma pa timachubu tija.

Manifold inamizidwa ndi madzi amene inasungunula yokha.

Abwana anagwada pambali panga, n'kugogoda ayisiyo ndi sipanala. Anakanda m'mphepete mpaka anaona simenti yanga yosalala ija. Ndinkadikira kukalipiridwa. M'malo mwake anafunsa ngati munthu amene akufunadi kudziwa: "Kodi iwe umati chimaopa kuzizira n'chiyani muno? Glycol ali m'paipimu saopa. Chitsulochi sichiopa. Wachifunditsa bulangete chinthu chosamva chisanu, n'kuchisiya chikumira."

Ndinawapempha kuti ndisungunule usiku womwewo. Manyazi amapatsa munthu mphamvu zachabechabe. Ndinakoka waya kuchokera ku galaja, ndinaika hita yamagetsi pakamwa pa dzenje n'kuphimba ndi tenti. Amayi aja anatsika ndi tiyi, atavala jekete la amuna awo pamwamba pa lawo. Sanafunse kuti walakwitsa ndani. Anangoti, "Kodi Lachiwiri minibasi ya amuna anga idzakwera?" Tiyiyo ndinamulandira ndi manja awiri, koma kukhosi sanadutse.

Kutangoda, mafoni athu onse atatu analira nthawi imodzi, kulira kuja kwa chenjezo la boma. Uthenga unkati magetsi a chigawo chonse atsala pang'ono kuperewera, aliyense azimitse zosafunikira, makamaka mahita. Kwathu magetsi akazima timangoyatsa kandulo n'kupitiriza nkhani. Kuno, usiku ngati umenewo, magetsi akazima ndiye kuti ng'anjo za m'nyumba nazonso zaima, chifukwa ngakhale ya gasi imafuna magetsi kuti ipemerere. Abwana anasolola waya pakhoma. Anthu ambiri anachitanso chimodzimodzi usiku umenewo, ndipo magetsi sanazime. Ine ndinapinda tenti yanga, n'kujambula chithunzi chija, n'kubwezera chivindikiro pa ayisi amene anali asanasungunuke ngakhale chala chimodzi.

## Foni ya ku Dedza

Tulo sitinabwere. Cha m'ma 10 koloko usiku ndinaimbira bambo anga. Kumudzi inali 7 koloko m'mawa wa Lamulungu, mvula ikuwaza pa malata, iwo akupukuta nsapato za kutchalitchi. Za boila ndi glycol sindinavutike kuwafotokozera. Ndinangoti pali chinthu chofunika chimene ndinachisunga m'dzenje, ndinachimata bwinobwino kuti chisazizidwe, ndiye madzi analowa osatuluka.

Anaseka mpaka kutsokomola. "Ndiye azunguwo akukulipira kuti uziwakumbira zitsime?"

"Ayi bambo, ndimati ndichiteteze."

"Iwe, unakulira pakhomo pano. Nkhokwe unaionapo itakhala pa dothi?"

Sanawonjezere zambiri, ankachedwa ku mapemphero. Koma foni itadulidwa ndinaiona nkhokwe ya pakhomo pathu ngati ili m'chipinda momwemo. Imakhala pa miyala ndi mitanda, kuti madzi a mvula azidutsa pansi pake. Nsungwi zake zimalukidwa mosiya timipata, kuti chimanga chizipuma. Denga lake limapitirira m'mbali, ndipo limanyamulika lonse munthu akafuna kulowa. Palibe amene amaifunditsa. Ndinathandizapo kumanga nkhokwe zosachepera zitatu ndili mnyamata. Nditafika ku dziko la sinowo, zonsezi ndinazisiya pa bwalo la ndege ngati katundu woletsedwa.

Lolemba ndi Lachiwiri ndinadzuka 5 koloko kukapala msewu wa agogo aja ndi fosholo n'kuwaza mchenga. Minibasi inakwera.

## Kumanganso

Kumapeto kwa mweziwo kunabwera chinook, mphepo yofunda ija yotsika m'mapiri a Rockies imene imatha kusandutsa January kukhala ngati April pa tsiku limodzi. Tinasungunula dzenjelo, n'kupopa madzi a pinki kuwathira m'zigubu. Simenti yanga ndinaiswa ndekha. Timachubu tosweka tinachotsa, tinathira glycol watsopano, n'kutulutsa mpweya paipi imodzi imodzi mpaka thovu litasiya kubwera. M'mphepete mwa dzenje tinaunjika matumba a mchenga. Mwamwayi pansi pa konkireti panalibe chimene chinaphulika. Chikanaphulika, bwenzi tikunena za kuswa msewu wa eni ake, ndipo mwina bwenzi ndikulemba izi ndili pa ntchito ina.

Ntchito yeniyeni inadikira mwezi wa May, nthaka itafewa. Kuno chisanu chimalowa pansi kwambiri, n'chifukwa chake mapaipi a madzi akumwa amawakwirira kupitirira mamita 2. Dzenje la m'chiuno silingathawe chisanu ngakhale mutalifunditsa motani. Tsono tinasiya kulimbana nacho.

Manifold tinaikweza. Tinaika kabati yachitsulo pa kakhoma ka maluwa kaja, pansi pake patali ndi nthaka ngati kufika m'bondo, denga lopendekera kutsogolo, chitseko chotsegukira kumbali yosayang'ana msewu. Dzenje lakale tinalikuza n'kuthiramo miyala ya kwale, ndi paipi yobookabooka yotsitsa madzi kukatulukira kunsi kwa chitunda. Mapaipi a PEX anali aafupi, tinachita kulumikiza, ndipo molumikiziramo tinasiya pamalo poti dzanja lifike, osati kukwirira.

Pamene paipi ikutuluka m'nthaka kukwera ku kabati tinaiveka paipi ina yolimba yakuda. Zifukwa zake ndi ziwiri. Nthaka ya kuno imafufuma ndi kutsika chaka chilichonse, ndipo paipi yopanda chovala imakhulika pa mlomo wa konkireti. Chachiwiri ndi dzuwa. PEX sagwirizana ndi dzuwa, opanga ake amalemba kuti asakhale poyera kupitirira masabata kapena miyezi yochepa, apo ayi amauma n'kumathetheka. Calgary ndi mzinda wa dzuwa kwambiri mwa mizinda ikuluikulu ya ku Canada, ngakhale tsiku lozizira koopsa kumwamba kumakhala mbee. Kampata kamodzi pa chitseko, kolowetsa kuwala pa paipi yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, kakhoza kuchita m'zaka zingapo zimene ayisi anachita pa usiku umodzi.

Kabatiyo tinaiboola pansi ndi pamwamba kuti izipuma, chifukwa chitsulo chofunda m'bokosi lozizira chimachititsa thukuta m'makoma, thukutalo n'kubala dzimbiri. Mabowowo tinawatchinga ndi sefa yachitsulo ya timaso tating'ono. Mbewa ya kuno imalowa pa bowo loti pensulo ingadutse, ndipo malo ofunda pakati pa January ndi hotela kwa iyo. Zofunda za ubweya wagalasi zija, zimene ndinamata m'dzenje langa, ndi matiresi ake enieni, komanso zimamwa madzi. Tinangokulunga mapaipi awiri aakulu ochokera ku boila ndi thovu lakuda losamwa madzi, osati poopa kuundana, koma kuti gasi wa agogo asamathere potenthetsa maluwa.

Manifold yatsopano ndi ya chitsulo chosachita dzimbiri, chifukwa magalimoto amabwera ndi mchere wa m'misewu, ndipo mchere ndi mkuwa sizimwerana madzi. Timachubu toonekera m'kati tija sitinabwezeretse. Abwana amatikonda m'nyumba, panja amati ndi maso agalasi pa bwalo la nkhonya. Kavalavu kotulutsa mpweya tinaika kotsegula ndi dzanja. Paipi iliyonse ndinaimangirira kachitsulo kolembapo nambala ndi mbali ya msewu imene imapita.

Chomaliza anachita abwana chinandikhalira kuposa zonse. Kunja kukutentha, anthu ali m'makabudula, anatulutsa magolovesi awo a m'chisanu, aja okhuthala ngati a ankhonya, n'kundipatsa pamodzi ndi sipanala. "Vala. Tsegula chitseko, utseke valavu ya nambala 8." Ndinalephera, dzanja silinkalowa pakati pa valavu ndi khoma la kabati. Tinamasula zonse n'kusuntha manifold zala zinayi. Akuti amene adzatsegule muno sadzabwera mu May.

## Makasitomala ndi maluwa awo

Kuyambira pamenepo ndaikapo ma manifold ena apanja, ndipo mkangano umakhala umodzimodzi. Munthu walipira ndalama zambiri, safuna kuona bokosi. Ndimawamvetsa. Koma tsopano ndimayamba ndafunsa ngati singalowe m'galaja, ngakhale zitatanthauza mapaipi owonjezera. Ikakanika, pakhoma. Dzenje ndimalola pokhapokha ndaona ndi maso anga kumene madzi ake adzatulukire, chivindikiro chili pamwamba pa nthaka, kutali ndi matayala ndi kumene fosholo imaunjikira sinowo. Pali anzathu ena m'ntchitoyi amene amakonda maenje ndipo amawayendera bwino, makamaka kumene nthaka ndi ya mchenga. Dothi la malo ambiri kuno ndi lamakande, limasunga madzi ngati mtsuko. Tisanakwirire, ndimatenga ndowa ziwiri za madzi n'kukhuthulira pa konkireti kumtunda, kenako ndimaima n'kuyang'ana kumene akupita. Anzanga amandiseka kuti ndikuthira nsembe.

Pa 5 August 2024 kunagwa matalala aakulu kumpoto kwa Calgary, amene anaswa magalasi a magalimoto ndi kuboola makoma a nyumba. Patapita masiku awiri ndinapatukira kwa agogo aja ndikuchokera ku ntchito, popanda wondituma. Denga la kabati linali ndi timaenje ngati munthu amaligogoda ndi hamala. M'kati munali mouma. Pa sefa ya pansi panali timanyi ta mbewa, kunja kwake.

Mu October ndinapitanso kukayeza mphamvu ya glycol chisanu chisanayambe. Timadontheza kadontho pa kagalasi ka kachipangizo konga tochi, n'kusuzumira moyang'ana kuwala. Nambala yake ndinailemba ndi maka kuseri kwa chitseko, pansi pa ya mu May. Ndikutseka ndinaona kuti amayi aja abzala kamtengo ka maluwa kutsogolo kwenikweni kwa kabati, kakadali kofika m'bondo.

"Amayi, kameneka kakakula chitseko sichidzatseguka."

Anayang'ana kamtengoko, n'kuyang'ana ine. "Ndiye ndikasunthire kuti?"

Ndinatsegula chitseko mpaka kumapeto, ndinagwada ngati ndikugwira ntchito, n'kutambasula mwendo kumbuyo. Pamene chidendene chinafika ndinakandapo mzere ndi sipanala. Iwo anapita kukatenga fosholo.